Kodi wailesi ya dziko imalankhula ndi yani usiku?

Aphunzitsi a Mbewe (Ulóngwè)

Moni nonse, akuluakulu ndi achinyamata a pa gulu lino. Ndabwera ndi nkhani imene yakhala ikundizungulira m'mutu chipumireni pa ntchito ya uphunzitsi, chifukwa ukalamba wandichepetsera tulo, ndipo masiku ambiri ndimadzidzimuka cha m'ma 1 koloko usiku, osagonanso mpaka tambala woyamba. Mnzanga wa maola amenewo ndi kawailesi kamene kamakhala pa mpando pafupi ndi bedi. Ndikatsegula Antena Nacional ya Rádio Moçambique ndimamva zonse bwinobwino, popeza Chipwitikizi ndicho ndinkaphunzitsira ana zaka zonse zija, koma mayi a kunyumba kwanga, amene anasiyira sukulu m'kalasi yachitatu nkhondo itafika, amangondigwedeza phewa n'kufunsa kuti, "Akuti chiyani?" Motero ine ndimasanduka womasulira mumdima.

Ndaganiza zolemba kalata yopita ku nthambi ya wailesiyi ya m'chigawo chathu, mumzinda wa Tete, yopempha kuti pakhale nthawi yokhazikika ya nkhani ndi zokambirana m'Chinyanja pakati pa usiku ndi m'bandakucha. Ndisanagwire cholembera ndikufuna ndimve kwa inu, makamaka amene mumagwira ntchito anzanu ali m'tulo, ngati pempholi lili ndi mutu, kapena ngati ndi chilakolako chabe cha nkhalamba yosowa tulo.

A Banda, mlonda (Moatize)

Aphunzitsi, mwakhudza pamene ine pamandiyabwa. Ndimalowa ntchito 6 koloko madzulo n'kuweruka 6 koloko m'mawa, ndipo ndatha zaka zisanu ndi zinayi ndikulondera pa geti limodzimodzi. Wailesi yanga ndimaikoleka pa msomali wa kanyumba ka alonda, mlongoti wake ndinauwonjezera ndi waya wa kopa, ndipo ndimaitsitsa mawu kuti ndizimvabe agalu ndi mapazi a munthu. Ndikuuzeni chimene mlonda amafuna ku wailesi, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti timangofuna nyimbo zotichotsa tulo. Ife timafuna kudziwa kuti uko kumene mawuwo akuchokera kuli munthu wamoyo amene nayenso ali maso.

Munthu wamoyo amadziwika msanga. Amatchula nthawi yeniyeni, amatsokomola, amanena kuti kunja kwayamba kuwaza, ndipo iwe ukayang'ana pa malata umaona kuti n'zoona. Tsiku lina ndinamvera wailesi ina, imene sindiitchula dzina, pamene muulutsi ankatipatsa moni wa masana ndi kutikumbutsa kumwa madzi ambiri chifukwa cha dzuwa, ine ndili m'chijasi 2 koloko ya usiku wa mu Juni, sitima ya malasha ikudutsa patali. Ndinazindikira kuti anangotisiyira zojambula kale iwo n'kupita kukagona. Ndinaitseka, ndipo usiku umenewo unatalika kuposa masiku onse.

Chikondi (mzinda wa Tete)

Ndikupempha kuti akuluakulu musandione ngati wamwano, koma ine ndikuona kuti kalatayi yachedwa ndi zaka khumi. Masiku ano chinthu chikachitika usiku, kaya ndi ngozi pa mlatho wa Samora Machel kaya moto pa msika, chimayamba kufika pa WhatsApp ndi pa Facebook, pamodzi ndi zithunzi zake, wailesi isanadziwe n'komwe. Ngati cholinga ndi chakuti anthu amve nkhani m'chilankhulo chawo, kodi si kwabwino kupempha kuti azijambula nkhanizo m'Chinyanja n'kuziika pa intaneti, kuti aliyense azimvera pa nthawi imene wafuna?

NaPhiri, namwino (Macanga)

Mchimwene wanga Chikondi, ukulankhula ngati munthu wokhala pamene netiweki ndi magetsi sizichoka, ndipo sindikukudzudzula chifukwa aliyense amaona dziko kuchokera pakhomo pake. Ine ndimagwira ntchito ya usiku mlungu umodzi pa milungu itatu iliyonse pa chipatala chaching'ono, ndipo kuti uthenga wa pa foni utuluke ndimayenera kupita kukaima pafupi ndi thanki ya madzi. Odikirira odwala amene amagona pa khonde lathu ambiri ali ndi mafoni a mabatani, ndipo chimene amachita ndi kulowetsa chingwe cha zomvera m'khutu, chifukwa wailesi ya FM ya m'foni siigwira popanda chingwecho, pakuti ndicho chimakhala mlongoti wake. Amatsegula sipika, anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi n'kuzungulira foni imodzi, ndipo satayapo ngakhale metikali imodzi.

Ukumbukirenso zimene zinachitika kumapeto kwa 2024, chisankho chitatha, pamene intaneti ya m'mafoni inkadulidwa kapena kuchepetsedwa mphamvu m'dziko muno. Masiku amenewo ngakhale inu a mumzinda munabwerera ku wailesi. Komanso pali chinthu china chimene zojambula za pa intaneti sizingachite. Nkhani ya pa intaneti umaifunafuna iwe mwini utadziwa kale kuti ilipo, pamene ya pa wailesi imakupeza usakuiyembekezera, ndipo nkhani zoopsa za usiku n'za mtundu wachiwiriwu.

A Mwale, dalaivala wa thiraki

Ndikulemba ndili pa mzere ku Zóbuè, kudikira kuti mapepala a katundu atheke. Ife oyendetsa magalimoto akuluakulu mu msewu uwu wochokera ku Cuchamano kupita ku Malawi timagona m'galimoto masiku ambiri kuposa m'nyumba zathu. Chimene ndingapemphe ine m'kalatayo si zokambirana zazitali ayi, koma mawu ochepa onena za msewu: pamene pagwa thiraki n'kutseka njira, pamene madzi adula, ndi ngati pa chipata pali mzere wautali. Mu Januwale 2022, namondwe Ana atagwetsa mbali ya mlatho wa pa Revúboè pakati pa Tete ndi Moatize, ine ndinali panjira, ndipo amene anandiimitsa ndi mnzanga wochokera kutsogolo amene anandithwanimitsira nyali. Munthu wosadziwa akanatha kuyenda usiku wonse n'kukamva za mlathowo ataufika.

A Jere (Songo)

Ndiloleni ndithirepo ndemanga ya zaumisiri, popeza ntchito yanga ndi ya zamagetsi, ndipo ikukhudza funso la amene angamve pulogalamu imene a Mbewe akuipempha. Mafunde a FM amayenda molunjika, ngati kuwala kwa tochi, kotero phiri likaima pakati pa inu ndi mlongoti wotumiza mawu, simumva kanthu koma phokoso. Ichi n'chifukwa chake mudzi wina wa kuseri kwa phiri la Dómuè ukhoza kusowa siteshoni imene mudzi woyandikana nawo ukuimva bwino. FM siisintha kwenikweni pakati pa usana ndi usiku.

AM ndiyo ili ndi khalidwe lina. Masana, dzuwa limapanga mpweya wa m'mwamba kwambiri kukhala ndi gawo limene limameza mafunde a AM, motero amangofika pamene angathe kukwawa ndi nthaka. Dzuwa likalowa gawo limenelo limazilala, mafundewo amakagunda gawo lina la pamwamba pake n'kubwerera pansi pa mtunda wa makilomita mazanamazana. N'chifukwa chake makolo athu ankati wailesi imamveka bwino usiku, ndipo ankapeza masiteshoni a kutali amene masana kunalibe. N'chifukwa chakenso mawu a AM usiku amabwera n'kumapita ngati munthu akulankhula mumphepo, ndipo nthawi zina masiteshoni awiri amalowana. Tanthauzo lake pa nkhani yathu ndi lakuti maola a usiku ndiwo amene mawu ochokera ku Tete angafike ku Zumbo, ku Marávia ndi ku Chifunde mosavuta kuposa nthawi ina iliyonse. Vuto ndi lakuti mafoni ambiri alibe AM, ndipo mawailesi ena otchipa a sola amene adzaza m'misika amaigwira mofooka kwambiri. Aphunzitsi, m'kalatamo mutchule kuti pulogalamuyo izituluka pa njira zonse ziwiri.

A Nkhoma, mlimi wa kachewere (Tsangano)

Ine ndinene chilungamo ngakhale chisakomere ena. Usiku ndimamvera mawailesi a ku Malawi, makamaka MBC ndi Zodiak, ndipo pafupifupi mudzi wathu wonse umatero. Sikuti sitikonda dziko lathu. Chifukwa chake ndi chakuti amamveka bwino kuno kumapiri, ndipo amalankhula monga ndimalankhulira ine ndi mkazi wanga. Zotsatira zake ndi zoseketsa koma zomvetsa chisoni: ndimadziwa mtengo wa thumba la feteleza ku Ntcheu m'makwacha, ndimadziwa mayina a nduna za ku Lilongwe, koma tsiku limene katemera wa ana akuyamba m'boma lathu ndimakamva kwa amfumu, mwina patapita masiku awiri.

Aphunzitsi a Mbewe (Ulóngwè)

A Nkhoma, musachite manyazi, chifukwa nanenso ndimatero mayi akatopa ndi kumasulira kwanga. Kuchokera kuno ku Ulóngwè, Lilongwe ali pafupi kuposa mzinda wa Tete, ndipo Maputo ali pa mtunda woposa makilomita 1,500. Malire a ku Calómuè amaimitsa magalimoto koma saimitsa mafunde a wailesi. Sindikufuna kuti kalata yanga imveke ngati yodana ndi mawailesi a anansi athu, amene anatisunga bwino pa nthawi ya nkhondo. Mfundo yanga ndi yakuti wailesi ya ku Malawi ilibe udindo wotiuza ife kuti mtsinje wa Revúboè ukukwera kapena kuti kalembera wa mavoti watsegulidwa ku Angónia. Udindo umenewo uli ndi mwini wake.

Mayi Nabanda (Dómuè)

Ndinagwirapo ntchito yodzipereka pa wailesi ya m'dera kwa zaka zinayi, kotero ndiloleni ndikuonetseni mbali ya kuseri kwa maikolofoni, kuti kalatayo isakakanidwe chifukwa chopempha zimene wolemba sanaziwerengere mtengo.

Ola limodzi la nkhani za usiku silifuna munthu mmodzi ayi. Pamafunika muulutsi, pamafunika wa zamakina woyang'anira mawu ndi jenereta magetsi akathima, ndipo pamafunika mkonzi amene angatsimikize nkhani isanawerengedwe. Mkonziyu ndiye amaiwalika kawirikawiri, chonsecho ndiye mtima wa ntchitoyo. Uthenga ukafika 2 koloko usiku wonena kuti basi yagubuduzika pa malo akutiakuti, wina ayenera kuimbira apolisi kapena chipatala, n'kupeza munthu amene angayankhe foni nthawi imeneyo, chifukwa kuwerenga nkhani yotere osaitsimikiza ndi kuliza maliro m'midzi makumi awiri popanda chifukwa. Kuwonjezera apo, nkhani zambiri zimafika zolembedwa m'Chipwitikizi, ndipo kuzimasulira mwachangu si masewera. Ndikukumbukira usiku wina tikukangana ndi mnzanga mmene tinganenere chenjezo la nyengo lofiira kuti agogo a kumudzi amve kuti akuuzidwa kuchoka m'dambo, osati kuti kumwamba kufiira. Anthu onsewa ayenera kulipidwa ndalama ya usiku ndi kuperekezedwa kwawo.

Chachiwiri, tisaiwale kuti nthambi ya ku Tete si ya Anyanja okha. Imagawa nthawi yake pakati pa Chipwitikizi, Chinyungwe, Chinyanja ndi Chisena, ndipo ife tikapempha usiku wonse, abale athu a ku Changara ndi a ku Mutarara adzafunsa, moyenera ndithu, kuti nanga iwo alakwanji. Maganizo anga ndi akuti mupemphe ola limodzi lokha, kuyambira 4 koloko mpaka 5 koloko m'bandakucha. Nthawi imeneyo alimi akunola makasu, amayi akusonkha moto, oyendetsa mashapa (maminibasi onyamula anthu) akutenthetsa injini, ndipo omvera ndi ochuluka kuposa a pakati pa usiku.

A Tembo (Chiúta)

Pa za ndalama, mayi, ndikumva mfundo yanu, koma ndikupempha aliyense amene amagula magetsi olipiriratu a Credelec ayang'ane kalisiti kake bwinobwino. Pambali pa ndalama ya magetsi enieniwo pamachotsedwanso msonkho wa wailesi. Ndiye kuti sitikupempha chifundo ngati alendo, tikulankhula ngati anthu amene timasonkha nawo. Kalatayo ikhale yaulemu, koma isakhale yogwada.

Agogo a Maseko (Angónia), kudzera mwa mdzukulu wawo

Agogo andiuza kuti ndilembe mawu awo monga akunenera, ndipo ndikuyesetsa kusasintha kanthu.

Akuti ana inu mukukamba za wailesi ya usiku ngati chinthu chaching'ono, koma dziko lino linabadwira pa wailesi usiku. Pa 25 Juni 1975, pakati pa usiku penipeni, Samora Machel analengeza ufulu m'bwalo la Machava, ndipo iwo anamvera ali pabwalo la mphunzitsi wa m'mudzi, amene anali yekha wokhala ndi wailesi ya mabatire akuluakulu. Anthu anakhala pa mphasa atafunda zofunda chifukwa cha chisanu cha mwezi umenewo, mphunzitsiyo akumasulira chiganizo chimodzichimodzi, ndipo amayi ankayamba kululutira iye asanamalize.

Akuti usiku wina umene saiwala ndi wa mu Okutobala 1986. Nthawi imeneyo anali atathawira kale ku Dedza. Ndege ya Samora inagwa ku Mbuzini usiku wa pa 19, pochokera ku Zambia, ndipo tsiku lotsatira anthu anayamba kunong'onezana zimene anatola m'mawailesi akunja. Iwo anakana kukhulupirira mpaka atamva pa wailesi ya kwawo. Anaisaka movutikira, napeza ikuimba nyimbo zachisoni zokhazokha, ndipo akuti nyimbozo zinawauza zonse Marcelino dos Santos, mmodzi wa atsogoleri a Frelimo, asanawerenge uthenga wa imfa ya Samora. Akuti chimene akufuna kuti mumve ndi ichi: pa masiku awiri onsewo panafunika munthu woima pakati pa iwo ndi wailesi ya dziko lawo, ndipo tsopano ali ndi zaka zoposa 80 koma akudikirabe womasulira.

Chikondi (mzinda wa Tete)

Agogo, ndamva, ndipo achemwali a NaPhiri andigonjetsa pa za netiweki. Komabe ndili ndi nkhawa ina, yokhudza mbali ya zokambirana. Aliyense amene anamverapo mapulogalamu oimba foni usiku akudziwa mmene amathera. Amaimba ndi anthu omwewo asanu tsiku lililonse, ena ali chiledzerere, ndipo theka la nthawi limatha ndi kupereka moni kwa alamu ndi apongozi. Choopsa kwambiri ndi mphekesera. Tonse tikukumbukira nkhani ya anamapopa ya mu 2017, imene inaphetsa anthu osalakwa kum'mwera kwa Malawi, ndiponso tikudziwa kuti m'zigawo zina za dziko lino azaumoyo akhala akumenyedwa chifukwa cha bodza lakuti iwo ndiwo amafalitsa kolera. Munthu mmodzi wonena zotere pa wailesi ya dziko 1 koloko usiku, popanda womutsutsa, akhoza kuwononga zambiri kusanache.

Mayi Nabanda (Dómuè)

Nkhawa imeneyo ndi yoona, mwanawe, koma ili ndi mankhwala ake odziwika. Foni siyenera kulowa mwachindunji kwa muulutsi. Imayamba yayankhidwa ndi munthu wina amene amafunsa dzina, dera ndi mfundo ya woimbayo, ndipo akaona kuti mfundoyo ili pa mutu wa tsikulo amamuimbiranso iyeyo, zimene zimathandizanso osauka amene alibe keredito yodikirira pa mzere. Masiteshoni okonzeka bwino alinso ndi makina ochedwetsa mawu ndi masekondi angapo, kuti chitukwano chidulidwe chisanatuluke.

Pa za mphekesera ine ndimaona mosiyana nawe. Mphekesera siiyambira pa wailesi, imayambira pa chitsime ndi pa bawo, ndipo imakula bwino kumene kulibe woiyankha. Ngati munthu waimba n'kunena kuti m'mudzi mwawo akuti mankhwala othira m'madzi ndiwo akudwalitsa anthu, muulutsi wodziwa ntchito samudula mwaukali, koma amamufunsa kuti wamva kwa yani, n'kubweretsa wazaumoyo kuti afotokoze m'chilankhulo chomwecho. Bodzalo likangokhala m'mafoni, limayenda lokha popanda womufunsa funso limenelo.

NaPhiri, namwino (Macanga)

Ndiwonjezere chinthu chimene abambo pa gulu lino sanachitchule. Pa mapulogalamu oimba foni usiku mawu a amayi samveka kawirikawiri, ndipo si chifukwa chakuti alibe zonena. M'nyumba zambiri foni ndi imodzi ndipo imagona m'thumba la bambo, komanso mayi woimbira wailesi pakati pa usiku amadzafunsidwa m'mawa kuti amalankhula ndi yani. Ngati zokambiranazo zikufuna kumva amayi, alole kuti anthu azitumiza mawu ojambula masana, kapena mtolankhani azipita ku zitsime, ku zigayo ndi ku sikelo ya ana kukatenga mafunso, n'kumawaulutsa usiku pamodzi ndi mayankho ake. Pali mafunso ena a zaumoyo amene amayi amandifunsa monong'ona pa khonde 3 koloko usiku, ana ndi apongozi atagona, ndipo ndimaona kuti maola amenewo ndi okhawo amene nkhani zotere zingakambidwe pa wailesi popanda wina kuthamangira kukaitseka chifukwa cha manyazi.

Mayi a Tadala (Chingodzi, Tete)

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndaona kuti ndinene zimene zinandionekera. Mu Malichi 2019, pamene Revúboè unasefukira n'kulowa m'nyumba zathu, madzi anatipeza usiku. Mvula yambiri inagwa kumtunda, kwanu komweko ku Angónia ndi ku Tsangano, ndipo ife kuno tinagona osadziwa kuti madziwo ali panjira. Chinandidzutsa ndi kulira kwa mbuzi za aneba, ndipo nditatsitsa phazi pa bedi linalowa m'madzi ofika m'kakolo. Ndinabereka mwana, n'kutenga chikwama cha mapepala ndi foni, ndipo pamene tinkafika pa msewu madzi anali m'chiuno.

Titakwera pamalo okwera ndinatsegula wailesi ya m'foni, chifukwa ndinkafuna kudziwa ngati madziwo akukwerabe ndiponso kumene tingathawire. Siteshoni imene ndinaipeza, ndipo sindinena kuti inali iti, inkaimba nyimbo yovina. Sindinamvepo nyimbo yondipweteka mtima ngati imeneyo. Madzi ochokera kumapiri amatenga maola kuti afike kuno, ndipo maola amenewo ndiwo akanatipulumutsira mabulangete, ufa ndi mbuzi zija. Ndiye pamene mukukambirana za 4 koloko m'bandakucha, ine ndikuti kwa ife 4 koloko inali itachedwa kale. A zanyengo a INAM ndi a zangozi a INGD akhoza kutulutsa chenjezo labwino kwambiri, koma ngati palibe munthu ali maso woti aliwerenge m'Chinyungwe ndi m'Chinyanja nthawi yomweyo, chenjezolo limagona pa tebulo mpaka m'mawa.

A Banda, mlonda (Moatize)

Mayi a Tadala anena zimene ine ndimalephera kuzifotokoza. Mayi Nabanda, ndikulemekeza luso lanu, koma ola la 4 koloko ndi la anthu amene agona n'kudzuka, osati la ife amene sitinagone. Ngati ndalama ndi yochepa, ine ndingasankhe mphindi zisanu zokha pa ola lililonse, kuyambira 11 koloko usiku mpaka kucha, zoti munthu wamoyo anene nthawi, anene mitu ya nkhani, za nyengo, za misewu ndi mauthenga a maliro, m'zilankhulo zathu motsatizana. Pakati pa mphindi zimenezo aike nyimbo kapena abwereze mapulogalamu a masana, ine sindidandaula, malinga anene poyera kuti izi ndi zobwereza. Munthu amene wakhala pa mpando umenewo chifukwa cha mphindi zisanu ndi yemweyo amene adzadule nyimbo tsiku limene mtsinje wakwera.

Mayi Nabanda (Dómuè)

A Banda, kunena zoona mphindi zisanu pa ola zimafuna anthu omwewo amene ola lathunthu limafuna, ndipo zimawasunga usiku wonse, kotero si zotchipa monga zikumvekera. Muulutsi wodziwa bwino zilankhulo zitatu ndi wosowanso. Koma nditawerenga za mayi a Tadala sindingathe kuumirira pa 4 koloko ngati kuti ndi yankho lokwanira. Mwina kalatayo ipemphe zinthu ziwiri mosiyanitsa: ola la m'bandakucha chaka chonse, ndi munthu wodikira usiku wonse m'miyezi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi.

A Nkhoma, mlimi wa kachewere (Tsangano)

Ndikugwirizana nazo, koma ndipemphe chimodzi pa za chilankhulo. Amene adzawerenge nkhanizo alankhule Chinyanja chimene timalankhula, osati Chipwitikizi chovala malaya a Chinyanja. Ndinamvapo pa msonkhano wina womasulira akunena chiganizo chimene mawu ake onse anali athu koma palibe anamva, chifukwa anangotsata mzere wa pa pepala. Komanso asaope mawu amene tinabwereka kale. Kuno timati shapa, timati keredito, ndipo munthu akayamba kutipangira mawu atsopano usiku, ife tidzabwerera ku Zodiak.

Aphunzitsi a Mbewe (Ulóngwè)

Ndathokoza nonse, ndipo ndivomere kuti kalata imene ndinali nayo m'mutu poyamba inali yongodandaula za mayi a kunyumba ndi tulo tanga. Tsopano ndiyamba ndi nkhani ya mayi a Tadala, ngati andilola, popanda kutchula dzina lawo, kenako ndiike pempho la miyezi ya mvula patsogolo pa lina lililonse, ndipo ndilembe kuti likhale la zilankhulo zonse za m'chigawo chino, kuti lisaoneke ngati la Anyanja okha. Ola la m'bandakucha libwera pambuyo pake, pamodzi ndi mfundo ya a Jere ya AM ndi FM ndi ya a NaPhiri ya mafunso ojambula masana. Za msonkho wa pa kalisiti ndizitchula m'chiganizo chimodzi chokha, a Tembo, chifukwa wopempha moto sayamba ndi kukumbutsa mwini nyumba za ngongole. Pa za mphindi zisanu za a Banda sindinatsimikize mtima, popeza ndikuopa kuti tikachulukitsa zopempha adzayankha chophweka n'kusiya chofunika, koma a Banda mukaumirira ndiziika.

Ndidzailemba m'Chipwitikizi kuti ilowe m'kaundula wa ofesi, ndi ina m'Chinyanja yomata kumbuyo kwake. Ndiika zonse ziwiri pano Lachiwiri madzulo kuti muzikonze. Chimene ndikusowa ndi munthu wokaipereka pamanja n'kubwera ndi kope yodindidwa, chifukwa miyendo yanga siilolanso ulendo wa shapa wopita ku Tete ndi kubwerako.

A Banda, mlonda (Moatize)

Ndikuumirira, aphunzitsi. Muziike, ngakhale zikhale kumapeto kwenikweni.

A Mwale, dalaivala wa thiraki

Mapepala anga atheka, ndipo ulendo wobwerera ndidzera ku Dedza ndi ku Calómuè, kotero ndidzadutsa pa Ulóngwè Lachinayi cha m'ma 10 koloko m'mawa. Muikonzeretu m'envelopu, aphunzitsi, ndipo mutume mwana adzaime nayo pa mphambano, chifukwa thiraki yodzaza siitha kulowa m'misewu ya kwanuko. Chikondi, iwe uli mumzinda ndipo ukudziwa maofesi, ndidzakuimbira ndikawoloka mlatho wa Kassuende kuti udzailandire n'kukaipereka Lachisanu m'mawa.

Chikondi (mzinda wa Tete)

Ndidzakhala ndikudikira foni yanu, bambo Mwale. Aphunzitsi, musindikize makope awiri a kalata ya Chipwitikiziyo, kuti imodzi itsale kumeneko ndipo inayo ndibwere nayo ili ndi chidindo ndi deti.